Mizu ya Bwazi

Bambo anga anachoka kumgodi ndi chipewa cholimba chija cholowera pansi, chomwe pambuyo pake tinkasungiramo anyezi, komanso chifuwa. Chipewa chinasweka kalekale, koma chifuwa chinakhala nafe m'nyumba zaka ndi zaka, chikungokula. Kuchipatala anawajambula n'kutiuza mosabisa kuti mapapo adzaza fumbi la miyala, ndipo fumbi lotere silichoka. Anatipatsa mapilitsi ndi kampope kopumira. Mapilitsiwo ndinkawamwetsa ndine, chifukwa mayi anali atamwalira kale, ndipo ine ukwati utandikanika ndinabwerera kunyumba yathu ya m'komboni ya Amaveni.

Kutsokomola sikunkandivuta kwenikweni, tinali titakuzolowera ngati phokoso la sitima. Chinkandidya mumtima n'chakuti munthu wamkulu, yemwe kale ankandinyamula ndi dzanja limodzi, sankathanso kugona pansi. Akangoti aike msana pabedi, mpweya unkathawa. Ndiye ankakhala pampando, mutu utatsamira khoma, n'kumawodzera ngati mlonda. Miyezi inkatha ali pampando pomwepo, mapazi atatupa.

Mlongo wawo wa bambo, azakhali anga, omwe kuno timawaitana kuti atete, ankakhala mizere iwiri ya nyumba kuchokera kwathu. Iwo ndi bambo anabadwira ku Angoniya, ku Mozambiki, ndipo anabwera kuno kudziko la Achishona ali ana potsatira makolo awo omwe ankagwira ntchito m'mafamu. Atete sanali sing'anga, ndipo ukayerekeza kuwatchula choncho ankakukalipira mpaka makutu kutentha. Anali mayi wa kutchalitchi, wosaphonya msonkhano wa azimayi wa Lachinayi. Sankaombeza maula. Ankangodziwa mitengo, monga ena amadziwira kusoka, ndipo aliyense mumzere wathu yemwe mwana wake watsegula m'mimba ankadziwa khomo loti agogode.

Ine zimenezi ndinkazionera kumbali. Ndinapitako kusukulu, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Ndinkawaseka atete kuti thumba lawo lili ngati chisa cha khoswe. Iwo ankangondiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kupitiriza zawo.

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye anabwera m'mawa, n'kuima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana mchimwene wawo ali pampando paja. Kenako anandikodola kuti tituluke.

“Mawa usapite kumsika,” anatero. “Tipita kusango, kutchire uko.”

“Kukatani, atete?”

“Kukafuna mpweya wa ababa ako. Maondo angawa sakundilolanso kukumba. Ana anga onse ali ku Joni, ndiye watsala ndiwe ndi kamwa lakolo.”

Tinakwera kombi, kaminibasi ka msewu wa ku Gokwe, n'kutsika pamalo popanda ngakhale nyumba imodzi. Kondakitala anatifunsa kawiri ngati sitinasokere. Kuchoka pamenepo tinayenda pafupifupi ola lathunthu, atete akutsimphina patsogolo ndi kakhasu kawo ka mpini waufupi. Tchire lomwe iwo ankalidziwa kale linali litasanduka maenje okhaokha. Makorokoza, amuna okumba golide paokha aja, anali atafukula paliponse, ndipo unkayenera kuyang'ana poponda. Atete ankaloza ndi kakhasu: apa panali muwawani wa m'mimba, apo panali mlombwa. Pomwe ankalozapo panali milu ya dothi lofiira ndi mabotolo apulasitiki. Sankadandaula, ankangotchula mayina a mitengoyo ngati akutchula anansi omwe anasamuka.

Mtengo womwe tinkafuna unali pamchenga, kuseri kwa kachulu. Nditauona ndinakhumudwa. Unali waung'ono, wotuwa, wotalika pang'ono kuposa khomo la nyumba, masamba ake ochepa.

“Ndi umenewu?”

“Ndi umenewu. Kwathu timati bwazi, anzako Achishona amati mufufu. Inalipo isanu kuno, watsala wokhawu.”

Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kugwada movutikira, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Kenako anayamba kuuyankhula mtengowo monga umayankhulira ndi munthu wamkulu. Anatchula dzina la bambo, dzina la agogo, ndi matenda omwe tadzera. Anapempha muzu umodzi. Ine ndinayang'ana uku ndi uku poopa kuti wina wondidziwa angationere.

Atatha anandipatsa kakhasu n'kundiuza malamulo ake. Umakumba mbali yotulukira dzuwa yokha. Umatenga muzu umodzi, wosanenepa kuposa chala chachikulu cha kumanja. Muzu waukulu wolowa pansi suukhudza n'komwe. Ukadula umakwirira bwinobwino n'kusindikiza dothi ndi manja, osati ndi phazi. Ndipo subweranso mpaka mwezi utafa n'kukhalanso kawiri.

“Chifukwa wamva kuti ndautchulira dzina,” anatero. “Kuyambira lero mtengo uwu ndi ababa ako ali pamodzi. Ukauma, naye wodwala amautsata.”

Ndinaseka. “Atete, shuwa? Mtengo uli kuno, mapapo ali ku Amaveni, zikudziwana bwanji?”

“Nyarara, tseka pakamwa ukumbe. Kuwerenga umadziwa, koma khasu wagwira ngati supuni.”

Nditangoukanda muzuwo, fungo lake linandilowa m'mphuno mpaka misozi. Linali ngati la mankhwala opaka pachifuwa a kusitolo, koma lamphamvu kuposa pamenepo. Ndinadula, ndinakwirira, ndipo atete anandibwezetsa kawiri kuti ndisindikize bwino.

Kunyumba anasinja kachidutswa ka muzuwo n'kukawiritsa mumphika wakale. Anandichenjeza kuti uwu sakumwa, umapha, ntchito yake n'kufukiza basi. Tinawakhazika bambo pansi, mphika pakati pa miyendo, n'kuwafunditsa bulangete. M'katimo tinkangomva kutsokomola ndi kutukwana m'Chilapalapa, chiyankhulo chawo cha kumgodi chomwe chinkawatuluka akapsa mtima. Atawavundukula anali thukuta kamukamu, ndipo analavula zambiri m'chitini. Anamvetsera chifuwa chawo. Kenako anati, “Mushe sitereki,” mawu a kumgodi omwewo oti zili bwino zedi, n'kupempha kuti tiwagwire akayese pabedi.

Anagona. Masanasana, dzuwa likuswa mtengo, ana akusewera mpira panja, bambo anga anagona chagada pakamwa pali yasa. Ndinaima pakhomo la chipinda osasuntha mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena.

Muzu umodziwo unatha m'masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chiwiri bambo anali atabwerera pampando. Ndinapita kwa atete kuti tibwerere kutchire, koma anakana.

“Ndinakuuza kale. Bala la mtengo lisanapole sitibwerera.”

“Nanga bala la munthu?”

“Usandiphunzitse kumva chisoni, mwana iwe. Ndi mchimwene wanga ameneyo, ndinamudziwa iwe usanabadwe.”

Ndinachoka ndikutokota. Ndinkaona ngati akusunga mtengo n'kutaya munthu. Sabata yonse ndinkayang'ana mapazi otupa aja, ndikumva kupuma kwawo kolira ngati chitseko chosowa mafuta. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinavula yunifolomu ya kutchalitchi, n'kutenga khasu lathu lalikulu la kudimba ndi thumba la ufa lopanda kanthu. Ndinawauza bambo kuti ndikupita kukaona mnzanga wodwala.

Sindinagwade, sindinawombe m'manja, sindinauze mtengo kanthu. Ndinakumba mbali zonse ngati ndikukumba chinangwa. Muzu uliwonse womwe ndinaupeza ndinadula. Nditafika pa waukulu wolowa pansi uja ndinaima pang'ono, osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa unali wolimba. Ndinautema kanayi n'kuduka. Ndinakankhira dothi ndi phazi, n'kusenza thumba langa. Mumtima ndinkati ndachita zomwe munthu wanzeru aliyense akanachita.

Mizuyo ndinaibisa pansi pa bedi langa. Atete ankabwera m'mawa uliwonse kudzazonda, ndiye ine ndinkadikira kuti achoke, n'kuwiritsa mphika chakumasana. Bambo ankaganiza kuti ndi atete omwe andisiyira, ndipo ine sindinawatsutse. Ankati, “Mlongo wangayu ali ndi dzanja.” Imeneyo inali miyezi yabwino, ndipo ngakhale lero sindingainyoze. Ankagona pabedi. Mapazi anaphwa mpaka nsapato zinayamba kulowa. Tsiku lina anavala jekete n'kuyenda okha, akupumira m'njira, mpaka kukafika kubwalo la mowa. Sanamwe, anangokhala panja ndi madala anzawo a kumgodi n'kumaonera bawo. Anabwera akunena kuti onsewo aiwala kusewera.

Nthawi yoti tibwerere itakwana, atete anandituma ndekha, poti njira ija inkawapweteka maondo. “Umodzi wokha,” anatero, “ndipo uupatse moni.”

Unali mwezi wa Seputembala, mitengo ina itatulutsa masamba atsopano ofiira. Bwazi wanga anali atapendekera mbali imodzi. Masamba ake anali atapindika, achikasu, ena ali mbwee pansi. Ndinagwira nthambi, masamba n'kutsalira m'manja mwanga. Ine yemwe ndinaseka uja, sindinasekenso. Ndinakhala pansi pamchenga wotentha ndikumva mawu a atete m'makutu, dzina la bambo likutchulidwa pamalo omwewo. Ndinayesa kudziuza kuti ndi mtengo chabe, koma mtima unakana kumva.

Ndinabwerera n'kuwaonetsa atete muzu umodzi wa pansi pa bedi. Atandifunsa za mtengo ndinati uli bwino. Bambo nawo, poti anali atamva za mwambowo kuyambira ali mwana, anafunsa moseka kuti, “Nanga mnzanga uja akuti chiyani?” Ndinati akupereka moni.

Kuyambira sabata imeneyo ndinayamba kuuthirira. Aliyense wokhala ku Amaveni akudziwa kuti m'chilimwe mipopi imatha masiku yosadontha, ndipo madzi umawapeza utaima pamzere kuchitsime. Ine ndinkaima pamzerewo, n'kudzaza chigubu chimodzi chapadera, n'kukwera nacho kombi. Kawiri pasabata ndinkatseka tebulo langa la kumsika masana, n'kusenza chigubucho ola lathunthu pakati pa maenje. Mchenga unkameza madziwo ndisanaike chigubu pansi. Ndinaimika mtengowo ndi mphanda, ndinaunjika udzu patsinde. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, ndinapepesa m'Chichewa ndi m'Chishona momwe, poti sindinkadziwa kuti umamva chiti.

Makorokoza anali atayandikira, ndipo ankandiona. Ankaima pamilu yawo ya dothi, matupi ali mbuu, n'kumandikuwiza: “Amai, muri kudiridza sango here?” kufunsa ngati ndatenga ntchito yothirira tchire lonse. Ndinkawayankha kuti iwo akasambe kaye asanayankhule ndi anthu. Koma tsiku lina mmodzi wa iwo, bambo wa imvi pang'ono, anatsika n'kubwera pafupi. Atamva ndikung'ung'udza m'Chichewa anandipatsa moni wa kwawo, n'kundiuza kuti anachokera ku Malawi chaka chathachi. Anakanda khungwa ndi chala, n'kufukula pang'ono patsinde.

“Bwazi uyu,” anatero. “Mayi, musadzivutitse, wapita ameneyu. Amene anakumba apa analibe chisoni. Anadula ndi wapakati womwe.”

“Anali ndi wodwala,” ndinatero.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana chigubu. “Pepani,” anatero, n'kubwerera kudzenje lake. Kuchokera tsiku limenelo anzake aja sanandikuwizenso.

Sindinaleke. Ndinkati mvula ikangobwera uphuka, poti atete anali atandiuza kuti bwazi amachita maluwa ofiirira ngati a mbatata mvula yoyamba ikagwa, onunkhira mpaka patali. Mvula inabwera mu Novembala. Udzu unamera mpaka m'milu ya makorokoza. Ndinapita ndi mtima uli m'mwamba, ndipo ndinapeza kamtengo kouma gwa, chiswe chitayamba kale kukwera patsinde. Ndinathyola kanthambi kamodzi, kanalira kuti tswa. Chigubu ndinachisiya pomwepo.

Mizu ya pansi pa bedi inatha Khirisimasi itayandikira, ndipo chaka chatsopano chinawapeza bambo ali pampando. Tsopano kutsokomola kulikonse ndinkakumva ngati akundiitana kuti ndidzayankhe mlandu. Ndinkawathowa mapazi osawayang'ana kumaso. Iwo ankandiyamikira, ankati mwana wamkazi ndi chuma, ndipo mawu amenewo ankandibaya kuposa kutukwana.

Ndinafunafuna bwazi wina. Ndinawauza atete kuti makorokoza atseka njira ya kumtengo uja, zomwe zinali zoona pang'ono. Ndinafunsa azimayi obwera ndi nkhuni kumsika, ndinafunsa wachibale wathu wa ku Somabhula, mpaka msuweni wina wa ku Mvuma anati kumalire a munda wawo mtengowo ulipo. Ndinapita, ndipo ulendo uno ndinachita zonse mwadongosolo: mbali yotulukira dzuwa, muzu umodzi, kukwirira ndi manja. Koma dzina la bambo sindinalitchule. Ndinaopa. Tinawafukiza, anapeza bwino masiku awiri okha. Kuchipatala anawonjezera mapilitsi n'kutiuza kuti ndi mmene matendawa amayendera, amatsika pang'onopang'ono ndipo sabwerera. Ndinagwira mawu amenewo ndi manja awiri, koma ndikafika kunyumba ankandipulumuka.

Anamwalira mu Juni, kukuzizira, m'mawa ine ndikuwaphikira phala. Ndinalowa ndi mbale n'kuwapeza ali pampando, mutu utatsamira khoma monga mwa masiku onse. Ndinawaitana kawiri ndisanadziwe.

Maliro anayenda bwino. Madala a kumgodi anabwera ndi ndodo zawo, azimayi a Lachinayi anaimba mpaka mawu kusasa. Aliyense wondigwira dzanja ankati ndawasamala bambo anga, Mulungu andidalitse. Ine ndinkangoyang'ana pansi. Mutu unkandiuza kuti linali fumbi la zaka makumi atatu pansi pa nthaka, ndipo ndikudziwa kuti mutu unkanena zoona. Koma ndinali nditauzidwa lamulo limodzi losavuta, ndi munthu wondikhulupirira, ndipo ndinaliphwanya n'kunama pamwamba pake. Chimenecho palibe dokotala akanandichotsera.

Anthu atabalalika tinatsala awiri, ine ndi atete, tikuchapa zofunda za malemu kuseri kwa nyumba. Iwo anakhala pachidebe chogadabuza akusopa, ine ndikutsukuluza. Sindinakonzekere kunena. Zinangotuluka zokha, manja ali m'madzi.

“Atete, mtengo uja unauma. Ndinauumitsa ndine. Ndinapita ndekha Lamulungu lina, ndinadula mizu yonse, ndi wapakati womwe. Ndakhala ndikukunamizani.”

Sanasiye kusopa. Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo ndinkafuna atatero. Ndikanakonda atandimenya ndi bulangete lonyowalo.

“Ndinkadziwa,” anatero.

Ndinawayang'ana.

“Ukuganiza kuti fungo la bwazi limabisika? Mzere wonse unkanunkha. Ndinapita padzala panu, ndinaona makungwa omwe unkataya, ena aakulu ngati dzanja langali. Ndinadziwa pomwepo kuti mtengo sungakhale.” Anaviika bulangete m'madzi n'kulitulutsa. “Tsiku limenelo ndinabwerera masana kuti ndidzakulange. Mawu ndinali nditawakonza m'njira monse. Iwe unali kuseri kuno. Ndinalowa m'nyumba, ndinapeza achimwene ali pabedi, chagada, akuliza mkonono ngati mmene ankachitira tili ana kufamu. Ndinaima pamenepo. Kenako ndinatuluka monyang'ama kuti ndisawadzutse.”

“Bwanji simunandiuze?”

“Ndikanakuuza ukanaleka kuwiritsa.” Apa misozi inatsika, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akulira chiyambire maliro, poti masiku onsewo anali otanganidwa ndi kulamulira anthu kumoto. “Iwe sunkakhulupirira, unkangoti ndi mtengo. Ine ndimakhulupirira, mwana wanga, mpaka lero. Ndinadziwa chomwe chikubwera, ndipo m'mawa uliwonse ndinkabwera kudzaona ngati agona bwino, n'kubwerera kwathu osanena kanthu. Ndiye usadzitengere wekha mlanduwu. Ngati pali wowapha, tilipo awiri.”

Anadzipukuta m'maso ndi mkono, poti m'manja munali thovu. Kenako anandiponyera nsonga ya bulangete.

“Gwira uko,” anatero. “Ndekha sindingathe kufinya.”